Galasi la galimoto likakalika: zoyenera ndi zosayenera

Mzere wokalika pa galasi sufufutika ngati choko pa bolodi. Kuti uchoke, pafunika kupala galasi la m'mbali mwake mpaka litsike kufanana ndi pansi pa mzerewo. Ndiye kuti ntchitoyi imadya galasi, ndipo lomwe ladyeka silibwerera.

Zoyenera: Tsukani kaye galasilo bwinobwino, liume, kenako yendetsani chikhadabo modutsa mzerewo. Chikadutsa osakodwa, kukalikako n'kwapamwamba ndipo mungathe kukuthetsa pakhomo. Nthawi zina mupeza kuti galasi silinakalike n'komwe, ndi labala wa mawaipa amene wamatirira, kapena madontho oyera osiyidwa ndi madzi a pamjigo. Madontho amenewa amachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi.

Zosayenera: Chikhadabo chikakodwa, musalimbane nawo mzerewo. Mukapala malo amodzi nthawi yaitali, pamatsala kadzenje kosaoneka masana. Usiku ndi pomwe kamaonekera: nyali za galimoto zochokera kutsogolo zimapindika, munthu wa panjinga m'mbali mwa msewu amaoneka pomwe sali. Ine ndingalole kuyenda ndi mzere kusiyana ndi galasi lonamiza maso, makamaka ngati malowo ali moyang'anizana ndi dalaivala.

Zoyenera: Tsimikizani ngati mzerewo uli kunja kapena mkati. Ngati uli kunja, uzungulizeni ndi cholembera mkati mwa galasi, chifukwa mukapaka mankhwala opalira kunjako suonekanso.

Zosayenera: Musapale mkati mwa galasi lomwe lili ndi tinti. Tinti ndi pulasitiki yomatidwa mkatimo, ndipo ikakalika mankhwala ake n'kuisintha basi. Chimodzimodzi galasi lakumbuyo: timizere tofiirira timene muona pamenepo ndi tamagetsi, totenthetsa galasi kuti nkhungu ichoke. Kamodzi kakaduka, kaleka kugwira ntchito.

Zoyenera: Gwiritsani ntchito ufa wa cerium oxide, womwe amisiri a magalasi amasalazira nawo. Usakanizeni ndi madzi ukhale ngati phala lamadzimadzi, ndipo mupake ndi kansalu kokhuthala kofewa. Penti ndi labala wa m'mphepete muziphimbe ndi tepi, poti ufawu ukauma umavuta kuchotsa m'mipata.

Zosayenera: Vim, phulusa, sandipepa ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire galasi. Mzere umodzi uja ungasanduke chigamba chambuu chomwe palibe angachikonze. Za mankhwala otsukira mano anthu amazinena kwambiri. Oyera aja saononga, ndipo tizipsera tochepetsetsa angatizimiritseko, koma musayembekezere zoposa apo. Polishi wa zikhadabo wopanda mtundu amangodzaza mzerewo kwa kanthawi, mawaipa ndi dzuwa n'kumuchotsa.

Zoyenera: Ngati mukugwiritsa ntchito makina obowolera amagetsi omangirira kansalu kutsogolo, ayendetseni pang'onopang'ono, mozungulira malo okulirapo kuposa mzerewo. Muzithira madzi pafupipafupi, n'kumaima kuti mupukute ndi kuona pomwe mwafika. Gwirirani ntchitoyi pamthunzi, m'mawa galasi lisanatenthe. Imafuna kudekha, ola lathunthu litha kutha pa mzere umodzi.

Zosayenera: Musalole malowo aume kapena atenthe moti dzanja silingakhalepo. Galasi likatentha mbali imodzi kwina kuli kozizira limang'aluka, ndipo kulithira madzi ozizira litatentha kale ndiko kufulumizitsa ngoziyo.

Zoyenera: Siyanitsani kukalika ndi mng'alu. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, n'chifukwa chake mwala ukaligunda limangochita kanyenyezi osayoyoka. Kanyenyezi kakang'ono amisiri amakadzaza ndi guluu wapadera. Mukakaona, matanipo tepi yoonekera kuti fumbi ndi madzi zisalowe, ndipo fulumirani kukakonzetsa kasanatalike ndi mabampu.

Zosayenera: Musayese kupala mng'alu. Musakanikizenso magalasi a m'zitseko poganiza kuti ndi olimba. Pa galimoto zambiri amenewa anaumitsidwa ndi moto ku fakitale, ndipo akagonja amasweka lonse nthawi imodzi kukhala timiyala.

Zoyenera: Thanani ndi chomwe chikukala galasilo, apo ayi mizere ibweranso. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa zinthu, galasi lili pafupifupi pa 5.5 pomwe mchenga wa quartz uli pa 7, ndiye kambewu kamodzi ka mchenga n'kokwanira kulemba galasi. Mizere yokhota ngati uta pagalasi lakutsogolo imachokera ku mawaipa, choncho pukutani labala wake ndipo akatha muwasinthe chitsulo chisanayambe kukhudza galasi. Mizere yoimirira pa galasi la chitseko imachokera ku mchenga wobisala mu labala yemwe galasi limadutsamo potsika ndi pokwera. Tsitsani galasi, mutsuke m'labalamo ndi madzi ndi kaburashi.

Zosayenera: Musayatse mawaipa pa galasi louma la fumbi, monga ambiri timachitira m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kabotolo ka madzi katauma. Musalole otsuka galimoto kupukuta magalasi ndi nsanza yomwe yachokera ku matayala, kapena yomwe yagwa pansi. Awuzeni mwaulemu kuti ayambe athira madzi ambiri, fumbi litsike lokha, ndipo muziwapatsa nsalu yanuyanu ya magalasi okha. Pochotsa zomata zakale za inshuwalansi ndi COF, musakolope ndi kiyi kapena mpeni. Zinyowetseni ndi madzi a sopo, kenako muzitukule ndi lezala latsopano mutaligoneka, bola pamalopo pasakhale tinti.

Mukapala mzere kawiri katatu koma n'kumaonekabe, lekerani pomwepo. Ngati uli pamalo pomwe dalaivala amayang'ana ndipo ukuthobwa m'maso usiku, sinthani galasilo.