Chotupa chikachedwa kuphwa

Kalata yathu lero yachokera ku Chia, m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Mayi amene atilembera akuti amuna awo ayamba kulandira mankhwala a khansa ku Lilongwe, koma chotupa sichikuphwa. Akufunsa ngati mankhwalawo alephera.

Mayi a ku Chia, musataye mtima. Maso okha sangaweruze. Madokotala amayeza kukula kwa chotupa chithandizo chisanayambe, n'kudzayezanso pakapita milungu, nthawi zambiri pochijambula ndi makina. Ngakhale ku Ulaya, kumene amaboola maselo a khansa ndi magetsi kuti mankhwala alowe bwino, malowo nthawi zina amayamba atupa chotupa chisanafote.

Nonse omvera, sungani buku la kuchipatala, bwererani tsiku lomwe mwauzidwa, ndipo musasiye mankhwala musanafunse adokotala.