Mseu wa Burma ndi Asilikari Athu

Mlendo wa ku Lusaka popita ku Kabwata ayenda pa mseu dzina lace Burma Road, osadziwa kapena kumene dzinalo linacokera. Burma ndilo dziko la kum'mawa kwa India, limene lero anthu aliti Myanmar. Kumeneko anyamata a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi Ajapani mu 1944, atalawa kale nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland mu 1940.

Masiku ambiri a msilikari sanali a zipolopolo ai. M'cigwa ca Kabaw mvula inagwa kosalekeza, nsapato zinaola m'matope, ndipo malungo anagwetsa ngakhale amuna amphamvu. Cakudya cinaponyedwa ndi ndege, ndico mpunga ndi nyama ya m'zitini, ndimo anthuwo analakalaka nsima. Wosadziwa kulemba anapempha mnzace amlembere kalata ya kwa mkazi wace, namuululira motero zinsinsi za m'nyumba.

Itatha nkhondo mu 1945 anabwera kwao ndi mamendulo pacifuwa, koma m'masitolo ambiri a mu Cairo Road munthu wakuda sanaloledwebe kulowa pakhomo. Amene anaoloka nyanja kumenyera Mfumu George anaima kunja, nagula nyama pa kazenera.