Phunziro 3: Kuika ndi kukonza pulogalamu ya R musanayambe kusanthula zotsatira

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
kuika R ndi RStudio pakompyuta yanu;
kuonetsetsa kuti zilembo za zilankhulo zathu sizikuonongeka.

Mawu oyamba

Aphunzitsi anzathu, tikadzakumana ku Fairgrounds mumzinda wa Gaborone tidzayamba kusanthula malikisi ndi zimangirizo za ophunzira athu. Amene adzafike ndi kompyuta yosakonzeka adzataya tsiku lonse akulimbana ndi intaneti anzake akuphunzira. Choncho ntchito ili m'munsiyi muichitiretu kwanu, kaya muli ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete.

R ndi pulogalamu yaulere yowerengera ndi kusanthula manambala. Anaiyambitsa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman a ku University of Auckland ku New Zealand, ndipo R 1.0.0 inatuluka mu 2000. RStudio, yopangidwa ndi kampani ya Posit, imangothandiza kuti R isavute kugwiritsa ntchito. Payokha siwerengera kanthu.

Ndondomeko

1. Yambani ndi R. Pitani pa cran.r-project.org, sankhani Windows, macOS kapena Linux malinga ndi kompyuta yanu. Musatenge yakale kuposa 4.2.0 ya mu 2022, chifukwa kuyambira pamenepo R ya pa Windows imagwiritsa ntchito UTF-8, njira yosungira zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana.

2. Kenako ikani RStudio Desktop kuchokera pa posit.co. Ngati bandulo ikuchepa, mmodzi akopere mafayilo awiriwa n'kugawira anzake pa fulashi.

3. Tsegulani RStudio, pitani pa Tools, Global Options, Code, Saving. Pa Default text encoding sankhani UTF-8.

4. Pa File sankhani New Project kuti mafayilo onse a kosiyi akhale mufoda imodzi.

5. Muli pa intaneti, lembani install.packages("readxl"). Izi mumachita kamodzi kokha. Koma library(readxl) muzilemba nthawi iliyonse mwatsegula R n'kufuna kuwerenga fayilo ya Excel.

Zoyenera kusamala

Mawu monga ng'ombe ndi m'mudzi ali ndi nkhodolero. R imaona chizindikirochi ngati poyambira kapena pothera mawu ogwidwa, choncho mukalemba 'ng'ombe' imakana. Lembani "ng'ombe". Dziwaninso kuti Word imasintha nkhodolero yowongoka kukhala yopindika, ndipo R imawerenga ziwirizi ngati zilembo zosiyana. Mukapanda kuzifananitsa, mawu amodzi adzaoneka ngati awiri, ndipo mudzaganiza kuti ophunzira akudziwa mawu ambiri kuposa momwe zilili.

Anzathu a ku Mozambique, Excel ya Chipwitikizi imalekanitsa manambala mufayilo ya CSV ndi chizindikiro cha ; osati cha , ayi. Gwiritsani ntchito read.csv2 m'malo mwa read.csv.

Musaike mayina a ophunzira m'mafayilo obwera nawo. Mwana aliyense mum'patse nambala.

Ntchito

a) Lembani mean(c(45, 60, 75)). Yankho likhale 60.
b) Lembani nchar("Malaŵi"). Yankho likhale 6. Likaposa apo, onani ngati R yanu si yakale.
c) Yesaninso mawu a Chitswana okhala ndi š kapena a Chipwitikizi okhala ndi ç.

Jambulani zomwe zatuluka pa sikirini n'kutumiza kwa mlangizi wanu musananyamuke ulendo wa ku Gaborone.