Phunziro la Zaumoyo: Asilikali a M'magazi Nawo Amakalamba

Kuwerenga: Masalimo 71:9-18

Amayi anzanga mwa Ambuye, ambiri a ife tikusamala agogo m'makomo mwathu, ndipo enafe ndife agogowo. Tiyeni tione chifukwa chake matenda amawagwetsa msanga.

M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene timawatcha asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Gulu lina, lotchedwa ma T cell, limakaphunzira nkhondo m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Ma CD4 amene timawamva kuchipatala ndi a gulu lomweli.

Munthu akangotha msinkhu, thymus imayamba kufota ndi kusanduka mafuta. Pofika zaka 60, asilikali atsopano amatuluka ochepa kwambiri. Otsalawo amadziwa adani akale, koma mdani wachilendo amachedwa kumuzindikira. Nchifukwa chake katemera wa Covid-19 atafika m'Malawi mu Marichi 2021, okalamba anali m'gulu la oyamba kulandira.

Pa unamwino wanga ndinaphunzira zinthu zitatu:

1. Gogo akhoza kudwala chibayo thupi osatentha. Akayamba kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, kugona kwambiri kapena kukana chakudya, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena ufiti. Pitani nawo ku Chintheche Rural Hospital kapena kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.

2. Matenda amene anagona m'thupi amadzuka. TB ndi imodzi: chifuwa chikafika masabata awiri, akayezetse makhololo. Mashingozi nawo amachokera ku kachilombo ka katsabola amene munthu anadwala ali mwana. Choncho tisamanong'onezane kuti aliyense wotuluka mashingozi ali ndi HIV. Kuyezetsa magazi ndiko kumanena zoona.

3. Asilikali amafuna chakudya. Kondowole yekha sakwanira. Usipa tisagulitse wonse, gogo apatsidwe gawo lake, pamodzi ndi nyemba, chigwada chotendera ndi zipatso.

Tikumbukirenso kolera amene anavuta kuno ku Nkhata Bay mu 2022. Madzi a kunyanja tiziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo gogo azigona m'neti, osati adzukulu okha.

Mafunso okambirana:
a) Ndi okalamba ati mumpingo mwathu amene amakhala okha?
b) Ndani awayendere sabata ino, ndipo awatengere chiyani?

Pemphero: Ambuye, tipatseni maso oona msanga ndi manja osatopa posamala makolo athu. Amen.