Mafuta a Mpendadzuwa mu Injini ya Chigayo

Chaka chilichonse, mpendadzuwa ukakololedwa ndipo mtengo wa dizilo ukakwera, funso lomweli limatifika kuchokera kwa ophunzira atsopano ndi akale omwe: kodi mlimi amene wayenga mafuta ake angawathire mu injini ya chigayo kapena ya pampu yothirira m'dimba? Injiniyo idzalira ndithu. M'chaka cha 1900, pa chionetsero chachikulu cha ku Paris, injini ya mtundu umene Rudolf Diesel adapanga idayenda ndi mafuta a nshawa, mbewu yomweyi imene timalima kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Koma mmodzi wa ophunzira athu akale adayesa osatifunsa. Chigayo chake chidagaya bwino masabata angapo, kenaka chidayamba kuvuta poliza m'mawa, ndipo makanika atatsegula adapeza mphete za pisitoni zitagwirana ndi utomoni wakuda. Tiyeni tione chimene chidachitika m'katimo.

Injini ya dizilo ilibe pulagi yoyatsira moto. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka malo ake achepe ka 16 kapena kuposerapo, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo nozo imapopera mafuta ngati nkhungu, nayaka okha. Komabe sayaka pomwepo. Timadontho tiyenera kutentha, kusanduka nthunzi ndi kusakanikirana ndi mpweya. Zonsezi m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kanthawi kodikira kameneka akatswiri amakayesa ndi nambala yotchedwa cetane: nambala ikakwera, mafuta amayaka msanga. Dizilo wa pamsika amakhala pakati pa 45 ndi 55, pamene mafuta a mpendadzuwa ali cha m'ma 37. Moto ukachedwa, mafuta amaunjikana mu silinda nkudzayakira pamodzi, ndipo uku ndiko kugogoda kumene mumamva injini ikadali yozizira.

Vuto lalikulu koposa ndi kulimba kwa mafutawo. Mafuta a mpendadzuwa ndi okhuthala pafupifupi ka 10 kuposa dizilo, chifukwa kachidutswa kake kalikonse ndi maunyolo atatu ataliatali a kaboni omangidwa pa tsinde limodzi lotchedwa glycerine. Nozo imalephera kuwamwaza bwino, choncho m'malo mwa nkhungu mumatuluka madontho akuluakulu. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti nkhuni zowaza zimagwira moto msanga kuposa chipika. Madontho akuluwo amakagwa pa khoma la silinda asanapse. Mafuta akapsa mokwanira, kaboni wake amagwirana ndi okosijeni nasanduka mpweya wa carbon dioxide, ndipo haidrojeni amasanduka nthunzi ya madzi. Akapsa mopereŵera pamatsala mwaye, utsi woŵaŵa m'maso, ndi mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo koma umapha. Ichi n'chifukwa chake timaumirira kuti paipi ya utsi izitulukira kunja kwa nyumba ya chigayo.

Nanga utomoni uja? Yang'anani pakhosi pa botolo lakale la mafuta ophikira, muona pali ponata. Mafuta a mpendadzuwa akakumana ndi kutentha ndi mpweya, maunyolo ake amalumikizana nauma ngati penti. Zomwezo zimachitika pa nozo ndi pa mphete za pisitoni. Ena amatsikira pansi nkusakanikirana ndi oyilo wa injini, namulimbitsa ngati phala. Tsoka lake, nyengo imene timayenga kwambiri, Juni ndi Julayi, ndiyo ya chisanu, pamene mafuta amakhuthala koposa.

Wofuna kuyesabe achite motere. Mafuta asefedwe pa nsalu yothina, adikhe masiku angapo, ndipo musakhale madzi. Injini ilizidwe ndi dizilo mpaka itenthe, kenaka ilandire mafuta a mpendadzuwa otenthetsedwa mpaka cha m'ma madigiri 70. Madzi otentha a injini yomweyo angagwire ntchito imeneyi. Isanazimitsidwe, ibwerere ku dizilo mphindi khumi kuti mapaipi atsukike. Amene alibe thanki yachiŵiri asapitirire gawo limodzi la mafutawa pa magawo anayi a dizilo. Oyilo asinthidwe pa theka la nthawi yake. Injini zakale za silinda imodzi zoyenda pang'onopang'ono zimapirira. M'galimoto zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta musayese n'komwe.

Njira yokonzeratu vutoli ndiyo kudula maunyolo atatu aja pa tsinde lawo ndi mankhwala a methanol ndi soda woŵaula. Chotsatira chake ndi biodiesel, amene amayenda ndi kuyaka pafupifupi ngati dizilo. Sitikulimbikitsa kuchitira izi pakhomo, pakuti methanol amachititsa khungu ndipo amapha.

Ena amafunsanso za ethanol, pomva kuti anzathu a ku Malawi akhala akusakaniza ethanol wa ku Dwangwa ndi petulo kuyambira m'chaka cha 1982. Nzoona, koma khalidwe lake ndi losiyana kotheratu. Ethanol amakana kuyaka yekha akapanikizidwa, amadikira moto wa pulagi. Khalidwe limeneli ndi labwino mu injini ya petulo, koma mu injini ya dizilo ndi lowononga. Za kachasu tisanene zambiri: madzi ake ndi ochuluka, sayenera injini iliyonse, ndipo maganizo athu pa ntchito yake inayo mumawadziwa kale.

Musanatsegule thanki, funsani mtengo wa lita imodzi ya mafuta ophikira pa msika wa Katete, muuyerekeze ndi wa dizilo. Kumbukirani kuti mphamvu ya mafuta a mpendadzuwa ndi yochepa pang'ono, ndipo pa chiŵerengerocho muwonjezepo mtengo wa oyilo ndi wa nozo yatsopano.