Reel iti? Yambani mwatuluka m'madzimo

FUNSO

Akulu, ndine mlimi wa ku Chiparamba ndipo ndimakonda kuwedza ntchito za kumunda zikachepa. Kuyambira ndili mnyamata ndimawedza ndi nsungwi. Nyambo yanga ndi nyongolotsi, nthawi zina inswa kapena nsima yokanda. Vuto ndi lakuti nsungwi sifika patali, moti ndimachita kulowa m'madzi mpaka m'mawondo kuti mbedza ikagwe pomwe pali nsomba zazikulu. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi, ndipo wati ndisankhe, andigulire reel ya baitcaster kapena ya spinning pamodzi ndi ndodo yake. Pa Facebook ndimaona akatswiri onse ali ndi baitcaster. Akafika tikufuna tikayambe kuyesa kudamu, kenako tipite ku Luangwa cha ku Mfuwe ndi mwana wanga wa zaka 11. Ndisankhe iti?

Wowerenga wa ku Chiparamba

YANKHO

Achimwene, auzeni alamu anuwo agule spinning, ya saizi 3000 kapena 4000, ndi ndodo yotalika mamita awiri kapena kupitirira pang'ono. Funso limeneli limandipeza chaka ndi chaka, ndipo kwa munthu woponya nyongolotsi yankho langa silinasinthepo. Chifukwa chake ndikuuzani kutsogoloku. Chimene chandikhalitsa pansi ndi mawu amene mwangowaponya pakati pa kalata, akuti mumalowa m'madzi mpaka m'mawondo. Ndiye mukufuna kutengera chizolowezi chimenecho ku Luangwa, mwana ali pambuyo panu?

Tiyambe ndi kudamu komwe mukuona ngati kulibe choopsa. Madzi odikha okhala ndi udzu ndi mabango m'mphepete ndiwo kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take sitidikira kuti mumwe madziwo, timaboola khungu la miyendo inu mutaima chilili kudikira nsomba. Munthu amatha zaka ali nalo akungoti ndi kutopa kwa khasu, pomwe chikhodzodzo kapena chiwindi chikuwonongeka. Popeza mwakhala mukulowa m'madzi kuyambira unyamata, pitani ku chipatala cha kwanuko akakuyezeni, ndipo mumutenge mwana wanuyo. Mumufunse mwachifatse ngati anaonapo magazi kumapeto kwa mkodzo, chifukwa ana a msinkhu umenewo amabisa. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amagwira ntchito. Koma satchinga kuti musatengenso, mukabwerera m'madzi omwewo likodzo limabwereranso.

Ku Luangwa nkhani ndi ina. Mtsinje umenewu ndi umodzi mwa mitsinje yodzaza kwambiri ndi ng'ona ndi mvuu mu Africa muno. Madzi ake ndi amatope, nyengo ya mvula amachita kufiira, ndipo ng'ona yaikulu imabisala m'madzi ofika m'mawondo momwemo osaoneka ngakhale mphuno. Kumeneko simulowa m'madzi, kwatha. Mbedza ikakodwa pa chitsa, dulani ulusi. Chipewa chikagwera m'madzi, chisiyeni chipite.

Ndinaphunzira zimenezi kwa mkulu wina wa kuchigwa komweko amene ankandiperekeza ndili wachinyamata. Anali ndi chipsera chachikulu pa katumba wa mwendo wamanzere, ndipo sankakonda kukamba za chipseracho. Tikafika pa gombe, sankamasula mbedza msanga. Ankayenda kaye cham'mbali maso ali pa mchenga, kufunafuna mkwekwe wa mimba ndi mchira. Akapeza posalala pomwe ng'ona imatsetserekera m'madzi, tinkasamuka osakambirana. Ankasankha malo okwera, pomwe gombe ladulidwa ndi madzi, n'kujambula mzere pa dothi ndi chidendene mapazi angapo kuchoka m'mphepete. Mzere umenewo sankaudumpha, ngakhale nsomba ikupirikita pansi pake. Ankaikokera kumtunda ndi ulusi basi. Tsiku lina ndinagwada kuti ndisambe m'manja nditatumbula mlamba. Anandigwira kolala ya malaya n'kundikokera kumbuyo mwamphamvu moti batani linaduka, kenako anatola matumbo a nsombayo n'kukawakwirira kutali ndi madzi. Anandiuza kuti ng'ona imaphunzira munthu. Ukamabwera malo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, n'kumasiya fungo la nsomba, imayamba kukudikira. Dzuwa likayamba kupendeka ankalongedza, ngakhale nsomba zikudya bwanji. Ndipo reel yake mkulu ameneyu inali spinning yakalekale, utoto unasupuka wonse, chogwirira chake anachimanga ndi bawuti ya njinga. Alendo obwera ndi zida zonyezimira ankabwerera ndi nsomba ziwiri, iye thumba lili tho.

Tsono za reel. Kusiyana kwake kuli pa kawilo kamene ulusi umakulungidwapo. Pa baitcaster kawiloko kamazungulira mukaponya, ndipo chimene chimakazunguza ndi kulemera kwa nyambo. Nyambo ikakhala yopepuka, kapena mphepo ikakubwererani kumaso, nyamboyo imachepetsa liwiro m'malere koma kawilo kamapitiriza kuthamanga. Ulusi umatuluka wopanda kopita n'kukolanakolana m'kati mwa reel ngati tsitsi losapesa, ndipo mumakhala pansi kumasula ndi kamtengo anzanu akugwira nsomba. Odziwa amaletsa zimenezi ndi chala chachikulu, kukhudza kawilo pang'onopang'ono nyambo ili m'mwamba, n'kukaimitsa isanagwe m'madzi. Luso limeneli limatenga nthawi, ndipo ngakhale wolidziwa amafuna nyambo ya magalamu 10 kapena kuposa kuti aponye momasuka. Nyongolotsi yanu, kachidutswa ka patapata koyandamitsira ndi kamtovu kamodzi, zonse pamodzi sizifika pamenepo. Mukati muponye mwamphamvu kuti kawilo kazungulire, nyongolotsi imathothoka pa mbedza n'kukagwa kwina.

Pa spinning kawilo sikazungulira poponya. Mumatsegula kawaya ka kutsogolo, kugwira ulusi ndi chala cha mkombaphala, kuponya n'kuchotsa chalacho, ulusi umangosomphoka wokha. Nyambo yopepuka imafika patali, mphepo sivutitsa kwenikweni, ndipo mwana wa zaka 11 amadziwa tsiku lomwelo. Mutaima pouma mudzafika kutali kuposa kumene munkafika ndi nsungwi madzi ali m'mawondo. Chogwirira chake chimamasuka n'kuikidwa kumanja kapena kumanzere, pomwe baitcaster imabwera ya dzanja limodzi, alamu akalakwitsa ndiye kuti alakwitsa.

Akatswiri a pa Facebook amene mukuwaonawo ambiri amawedza bass ali m'boti, akuponya nyambo zolemera zapulasitiki ndi zachitsulo tsiku lonse m'mipata ya mitengo. Pa ntchito imeneyo baitcaster ndi yabwino zedi, imalunjika ndipo imakoka mwamphamvu. Inenso ndili nayo ndipo ndimaikonda. Koma ndaona ambiri kuno kwathu atagula chifukwa cha mavidiyo, mwezi usanathe n'kuipachika kudenga, kubwerera ku nsungwi. Zimandiwawa, chifukwa ndalama zimenezo zimachokera m'thukuta la fodya ndi soya.

Pogula, alamu asasakanize. Spinning imalendewera pansi pa ndodo ndipo ndodo yake imakhala ndi mphete yaikulu yoyamba. Baitcaster imakhala pamwamba, ndodo yake ili ndi timphete ting'onoting'ono ndi kokoletsa chala. Agule m'sitolo yeniyeni ya zausodzi. Maina ngati Shimano, Daiwa ndi Okuma ali ndi ma reel otsika mtengo amene amakhalitsa, koma zabodza zolembedwa maina omwewo zadzaza m'misika ndi pa intaneti, ndipo mano a m'kati akadyeka simudzapeza ena ku Chipata. Ulusi ukhale wa nayiloni, wa mamilimita 0.28 kapena 0.30. Uja woluka amati braid muuleke kaye, ndi wodula ndipo umacheka zala. Abweretsenso ma swivel, chifukwa chilema cha spinning ndi kupota ulusi. Nsomba ikamathawa reel ikulira, musapukuse chogwirira, mumangowonjezera kupotako. Isiyeni ithamange, ikaima ndiye muyambe kukoka. Ndipo reel isagone pa mchenga. Mchenga wa ku Luangwa ukalowa m'kati, mudzaumva ukukukuta mpaka reel itatha.

Mukafuna mcheni, onjezani waya wa masentimita 20 kapena 30 pakati pa ulusi ndi mbedza. Mano ake amadula nayiloni kamodzi n'kamodzi. Pochotsa mbedza gwiritsani ntchito pulayala, ndipo mwana asayandikize zala kukamwa kwake ngakhale nsombayo ikuoneka ngati yafa.

Tsopano tsiku lanu. Mwati Khirisimasi. Kodi mwaiwala kuti chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane? Anthu ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la a maukonde okha, n'kudzazindikira atagwidwa ndi nsomba m'thumba pa rodibuloko, zida n'kulandidwa. Musanaponye mbedza paliponse m'miyezi imeneyo, pitani ku ofesi ya Department of Fisheries ku Chipata mukafunse za damu lenilenilo limene mukufuna. Ngati ndi madamu a Lutembwe, kumbukiraninso kuti ndiwo amamwetsa tauni ya Chipata, choncho ali ndi eni ake oyenera kuwapempha. Ku Mfuwe, m'kati mwa South Luangwa National Park kuwedza popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ngakhale kunja kwake, tsidya la Lupande, muyambe mwaonana ndi a Department of National Parks and Wildlife komanso anthu a m'mudzi odziwa gombe. Ine ulendo wa December umenewu ndikuukana ndithu. Mtsinje umakhala utadzaza, magombe akugumuka, njira za m'mbali zili matope okhaokha, ndipo ndi nyengo imene ana a ng'ona amaswa, amayi awo ali olusa. Dikirani September kapena October, madzi atatsika ndi kuyera, ndiyonso nthawi imene mcheni amadya bwino. Mwanayo aime kumbuyo kwanu nthawi zonse, ndipo asatumidwe kukatunga madzi kumtsinje.

Reel ikafika pa Khirisimasi, pitani nayo pa bwalo la mpira la kusukulu. Mangani nati yaing'ono kumapeto kwa ulusi popanda mbedza, ikani ndowa patali mapazi 20, inu ndi mwana muziponya mosinthana mpaka nati izigwera pafupi ndi ndowayo. Mukatero muziisunthira kutali pang'onopang'ono mpaka usodzi utatsegulidwa mu March.