Malangizo a pa foni ali ngati mtengo: yambirani pa thunthu



Chaka chatha masamba a mpunga wanga wa Kilombero ku sikimu ya Hara adayamba kuchita chikasu. Mlangizi anali kutali, choncho ndidaimba nambala ya malangizo a ulimi. Chifukwa cha phuma ndidangodinadina mabatani, mpaka ndidapezeka ndikumva za nkhuku. Ndidadula foni osaphunzirapo kanthu, mpunga uli chidwalire.

Njira zoterezi zidafika kale kuno kwathu. Mwachitsanzo, mu 2015 kampani ya Airtel idayambitsa M'chikumbe 212, yopereka malangizo a ulimi pa foni. Koma ambiri sitidaphunzire m'mene uthengawo amausanjira.

Uthengawu amausanja ngati mtengo. Thunthu ndi mawu oyamba amene mumamva mukangoimba. Nthambi zikuluzikulu ndi mitu, monga mbewu kapena ziweto. Nthambi zing'onozing'ono ndi mbewu iliyonse: mpunga, chinangwa, chimanga. Chipatso, ndiye yankho lanu, chili kunsonga. Mukakwera nthambi yolakwika, chipatsocho simuchipeza. Ngakhale potumiza ndalama pa foni, kasanjidwe kake n'komweku.

Tsono chitani izi:

1. Musanaimbe, konzani funso: mbewu yanji, vuto lanji?

2. Mverani mitu yonse mpaka kumapeto musanadine batani.

3. Gwirani bwino batani lobwerera m'mbuyo. Mukasochera, bwererani pa thunthu.

4. Mukapeza yankho, lembani manambala amene mwadina m'kope, kuti mnzanu asadzavutike.

Nditaimbanso mofatsa ndidapeza za mpunga. Mawa lake mlangizi adatsimikiza kuti chikasu choyambira masamba a m'munsi nthawi zambiri chimasonyeza njala ya nayitirojeni. Ndidathira Urea, mpunga nkubiriwiranso.

Phunziroli tidalitengera ku kalabu yathu. Kale timapepala ta malangizo tinkangotiunjika m'katoni monga tabwerera. Lero tidatigawa potsata mbewu, ndipo pansi pa mbewu iliyonse tidatsata ntchito zake: kufesa, kuwokera, feteleza, tizilombo, kukolola. Pa chikuto tidalemba mawu amene timalankhula kumunda, m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka momwe. Mlimi safuna dzina la ofesi imene idalemba pepala. Amafuna mbewu yake ndi vuto lake.

Mvula isanagwe, khalani pansi ndi a kalabu yanu musanje mapepala anu. Safunsa adadya phula, koma wofunsa naye adziwe pofunsira.